ANambewe Akwera Ndege

Lolemba

Kuzizira kwa Joni kwafika penipeni. Chitseko cha shedi ya ndege sichitsekeka chonse, zala zikukana kugwira pulayala.

Madamu, eni ake a kakampani kathu ka ndege zitatu, omwenso ndi oyendetsa, andiitana mmawa. Akuti panelo ya mawu ya m'kandege ka anthu anayi kaja yatopa, ndisankhe ina. Panelo imeneyi ndi kabokosi kolumikiza mahedifoni a onse ali m'ndege, kuti woyendetsa azimva a pa nsanja yoyang'anira ndege, okwera azimvana okhaokha. Yakaleyo ikungothetheka ngati chiwaya cha tchipisi. Akufuna yolola nyimbo, chifukwa alendo amene timawazungulitsa pamwamba pa mzinda ayamba kufunsa. Zaka zinayi ndikugwira zamawaya pano, aka n'koyamba kundisankhitsa chinthu choposa tiyi kapena khofi.

Loweruka mmawa akaulutsa kandegeko theka la ola. Ndapempha mipando iwiri yakumbuyo. Avomera.

Mpando winawo ndi wa amalume a Nkhoma. Lamulungu akukwera basi kubwerera ku Ntcheu, ulendo wosabweranso. Fulati yawo ya ku Berea yadzaza makatoni. Ndiwo anandiitanitsa kuno, ndiwo anandigoneka pa sofa zaka ziwiri, ndipo sindinawachitirepo kanthu koti munthu n'kuloza.

Iwo anabwera ku Joni pa ndege ya anthu a m'migodi ali mnyamata. Akazi awo, aNambewe, anatsatira pa basi, masiku atatu. Zaka zonse za banja lawo amalume ankalonjeza kuti tsiku lina adzawakweza ndege. ANambewe anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo ngakhale thupi lawo linabwerera kumudzi pa galimoto. Chatsala ndi kaseti ya kwaya ya kutchalitchi, mmene aNambewe akutsogolera nyimbo yachiwiri. Amalume akufuna kuimba nawo nyimbo imeneyo m'mwamba, kamodzi kokha, asanachoke. Iwo ndi a besi.

Pulani:
1. Mawa kusankha panelo.
2. Lachitatu kuika.
3. Lachinayi kupukuta manja.
4. Lachisanu kuyesa.
5. Loweruka aNambewe akwera ndege.

Sindikuonapo chovuta.

Lachiwiri

Mapanelo otheka ndi atatu.

Yoyamba ndi ya mabwana. Imalumikizana ndi foni popanda waya, okwera akhoza kumva nyimbo zawo woyendetsa osamva, ndipo ili ndi batani loti nyimbo isaleke ngakhale wina alankhule. Batani limenelo ndaliseka. Ndi la anthu oona ndege ngati minibasi. Wogulitsa akuti ifika pakatha masabata atatu.

Yachiwiri ilipo, koma ndi yonenepa. Kuti ilowe pamafunika kudula chitsulo cha kutsogolo, ndipo ukadula chitsulo m'ndege umaitana woyendera ndi mapepala ake. Woyenderayo ali ku holide.

Yachitatu ndi yotuwa, yonyansa, mabatani ake ngati a wailesi ya agogo. Ili ndi kabowo kamodzi kolowetsa waya wa nyimbo. Ikulowa ndendende pamene panali yakale, ndipo ifika mawa. Munthu akalankhula, kaya wa pa nsanja kaya wa m'ndege, imazimitsa nyimbo yokha mpaka atamaliza.

Ndasankha yachitatu. Ukaipa dziwa nyimbo. Ndauza Madamu kuti ndiyo yotetezeka kwambiri, ndipo pofika masana ndayamba kukhulupirira kuti ndinkafuna yomweyi kuyambira kale.

Poweruka ndadutsa ku Berea. Chikepe chafanso, ndakwera masitepe mpaka nsanjika yachisanu ndi chiwiri. Ndauza amalume kuti andibwereke kaseti ndikasamutsire nyimboyo mu foni. Andiyang'ana ngati ndapempha impso.

"Amene ndinawalonjeza ndege ali m'kasetimu. Mu foni yakoyo muli anthu ambiri."

Ndafotokoza kuti mawu ndi omwewo. Akuti ngati ndi omwewo, ndikufuniranji kuwasamutsa. Wailesi yawo ya kaseti ndi yaikulu ngati sutikesi, imayendera magetsi a m'nyumba okha, ndipo ilibe kabowo kotulutsira mawu.

Zowonjezera pa pulani: kupeza kawailesi ka kaseti kam'thumba. M'zaka zino.

Lachitatu

Ndapempha theka la tsiku. Kwa ogulitsa a ku Joubert Park, benchi ndi benchi, tebulo ndi tebulo. Mayankho amene ndalandira:

"Kaseti ya chiyani, bra?"
"Bwerani mawa." (Alibe. Maso ake anena.)
"Ndili ndi machaja."
"Achimwene, ku Malawi mwabwera liti?"

Kawailesiko ndakapeza ku Mayfair, pa kashopu ka bambo wina wokonza mafeni ndi maketulo. Kali ndi mng'alu pachitseko, batani lobweza m'mbuyo silikugwira, ndiye pobweza kaseti ndi bolopeni. Ndakayesa ndi kaseti ina kaye kuti ndione ngati kamatafuna. Sikatafuna.

Panelo yafika masana. Pamaso ndi yonyansa kuposa pa chithunzi. Yalowa bwinobwino, mawaya onse pamalo pake, maola atatu ndili chagada pansi pa chiwongolero, msana ukudandaula.

Amalume andipatsa kaseti dzulo itakulungidwa mu mpango wa aNambewe, ndi malangizo oti isagone ku shedi. Ndalumikiza, ndavala mahedifoni, ndabweza ndi bolopeni mpaka nyimbo yachiwiri.

Amuna okhaokha! Besi, tena, wina akutsokomola. Amayi akumveka kutali ngati ali kutsidya kwa msewu.

Ndaganiza kwa mphindi khumi. Kasetiyi anajambula m'holo ya tchalitchi ndi mamaiki awiri, ndipo kwathu amayi amakhala mbali yawo, abambo mbali yawo. Choncho amayi onse ali khutu lamanzere, abambo lamanja. Panelo yanga yotetezeka ija sidziwa zoti munthu ali ndi makutu awiri. Imatenga mbali imodzi n'kugawira onse, ndipo waya wanga watenga ya abambo.

Ndaimbira amalume. Ndawauza kuti vutolo ndi laling'ono, mawa ndisakaniza mbali zonse ziwiri zikhale imodzi.

"Hayi. Amunawo uwachotse onse. Muli a Gondwe mmenemo, ankaimba mopotoka. Besi ndiimba ndekha."

Ndawakumbutsa kuti iwonso ali m'gulu la ochotsedwawo. Akuti akudziwa, ndipo nthawi imeneyo anali ndi chimfine.

Lachinayi

Lero linali tsiku lopukuta manja.

Ndasintha waya. Amayi abwera, abambo apita kutsidya. ANambewe akumveka bwino kwambiri, mawu opyapyala, okwera, osagwedezeka. Ndinaiwala mawu awo. Ndawasowa.

Kenako taliza injini. Pamwamba pa kwaya pabwera kulira kwa udzudzu, injini ikakwera nakonso kukwera. Chifukwa chake n'choti kawailesiko ndakalumikiza ku magetsi a ndege. Ndachotsa, ndaika mabatire. Udzudzu wapita.

Patatha mphindi khumi aNambewe ayamba kutsika, kutsika, mpaka akuimba ngati a Gondwe. Mabatire sakonda kuzizira. Ndagula ena anayi. Loweruka adzakhala m'thumba la malaya amkati mpaka nthawi itakwana.

Madamu akufuna kudziwa kulemera kwa aliyense wokwera, ndi lamulo. Amalume pa foni andipatsa makilo amene anawayeza tsiku lolowa mu mgodi. Ndapita ndi sikelo ku Berea. Akwerapo atavula nsapato, jekete ndi wotchi, ndipo akuti sikeloyo ndi ya ku China.

Akuyeserera besi kuyambira mmawa. Mayi wa fulati yoyandikana wagogoda kawiri, kachiwiriko kufunsa ngati kuli maliro. Suti yapita kale kochapitsa. Tchalitchi chonse chikudziwa, ndipo anthu anayi afunsa ngati mwatsala malo.

Pochoka andikoka mkono. Akuti pa pepala la okwera ndisaiwale kulemba dzina la aNambewe. Ndati pepalalo ndi la anthu okhala pa mpando.

"Nanga iwo akhala pati? Pa miyendo pangapa si pa mpando?"

Ndilemba ndi pensulo.

Lachisanu

Tayesa m'mwamba, ine ndi Madamu, mphindi khumi ndi zisanu, ndi nyimbo za mu foni yawo. Zonse zili bwino. A pa nsanja akalankhula nyimbo imatsika mwaulemu, akamaliza imabwerera pang'onopang'ono. Madamu akweza chala chachikulu. Akuti ndasankha ngati munthu wodziwa. Ndatsika ndikuyenda ngati shedi yonse ndi yanga.

Masana ndabwerera ndekha kukayesa kaseti komaliza. Mahedifoni kumutu, aNambewe ayamba. Mosadziwa ndayamba kung'ung'udza nawo.

Zii.

Ndasiya. ANambewe abwerera. Ndang'ung'udzanso. Zii.

Panelo siisiyanitsa kulankhula ndi kuimba. Imangomva kuti pakamwa pa munthu patuluka mawu, n'kuzimitsa nyimbo kuti munthuyo amveke. Ndi ntchito imene ndinaisankhira, ndi imene ndinaiyamikira pamaso pa Madamu Lachiwiri. Amalume akadzangotsegula pakamwa, aNambewe adzakhala chete. Walira mvula walira matope.

Zimene ndayesa:
- Kufufuza batani lobisika. Kulibe. Lili pa yoyamba ija, limene ndinaliseka.
- Kuimbira wogulitsa. Masabata atatu aja akadali atatu.
- Kupempha Madamu kuti ndidule kawaya kozimitsako tsiku limodzi lokha. Akuti ndege imene yasainidwa mmawa siidulidwa masana, ndipo ndine ndasaina.
- Kuimba motsitsa kwambiri. Zikutheka. Koma amalume sanaimbepo motsitsa chibadwire.

Chatsala n'chimodzi. Mahedifoni ali ndi mapulagi awiri, ya makutu ndi ya maiki. Ndikazula ya maiki ya amalume, panelo sidzawamva. Madamu avomera, bola yanga ikhale yolumikiza, kuti wina wakumbuyo athe kunena ngati mkuluyo wadwala.

Amalume sindinawauze. Aimba foni kufunsa ngati zonse zili shapu. Ndati zili shapu.

Loweruka

Amalume afika ola lathunthu nthawi isanakwane. Suti yakuda, tayi, chipewa chimene ndawavula kuti mahedifoni alowe. Apatsa Madamu moni wa manja awiri, kenako awauza m'Chifanakalo cha mu mgodi kuti ndege si yachilendo kwa iwo. Madamu sanamve, koma agwedeza mutu. Aona dzina la pensulo pa pepala, andiyang'ana, asaina.

Tanyamuka. Kumwamba kuli mbee. Amalume agwira kawailesi ndi manja onse awiri pa miyendo, mpango uli pansi pake. Milu yachikasu ya m'migodi yaoneka kumanzere, aloza umodzi n'kunena kuti lina mwa dothi limenelo analitulutsa ndi iwo. Sanachite mantha. Amene wachita mantha ndine.

Ndatulutsa mabatire ofunda m'malaya, ndaika. Ndazula pulagi ya maiki yawo mwakachetechete. Ndadina batani.

ANambewe ayamba. Amalume akoka mpweya, alowa.

Zii.

Besi yawo yadutsa mpata wa pakati pathu n'kulowa m'maiki yanga. Ndaiphimba ndi dzanja. ANambewe abwerera. Amalume akuimba, koma tsopano sakudzimva, chifukwa m'makutu mwawo mulibe mawu awo ndipo injini ili pamphuno pathu. Akweza. Akwezanso. Dzanja langa silikukwanira. Zii.

Andigwedeza bondo, akuloza khutu, akuloza pakamwa. Aona pulagi ikulendewera, aibwezera okha. Munthu wa mu mgodi waya samudabwitsa.

"Iwe, ukuzimitsiranji?"

Ndafotokoza, nyimbo ili chete chifukwa ndikufotokoza. Ndati akaimba, makina azimitsa azakhali. Akafuna kuwamva, asaimbe. Ndati pepani, ndine ndinasankha makinawo.

Andipatsa kawailesi. Ndabweza kaseti ndi bolopeni, ndege ikugwedera, bolopeni yagwa kawiri.

Tayambanso. Loweruka mmawa ndi nthawi ya ophunzira kuyendetsa ndege, ndipo aliyense ali ndi mawu oti auze a pa nsanja. Ndime yoyamba yadulidwa kanayi, katatu ndi ophunzira, kamodzi ndi amalume amene aiwala n'kulowa. Ndime yachiwiri yadulidwa ndi mnyamata wina wosochera amene akufunsa kuti bwalo lili mbali iti, kenako ndi amalume kawiri. Ulendo uliwonse akalowa amamva besi yawo yokha, yoyera bwino, ilibe mnzake. Amasiya pakati pa liwu.

Madamu ayang'ana kumbuyo. Atembenuzira ndege kumwera, kutali ndi bwalo, asintha wailesi kupita kumene kulibe anthu ambiri. Akweza zala zitatu: mphindi zitatu, kenako tibwerere.

Ndime yachitatu. Amalume atenga dzanja lawo adzitseka pakamwa, ngati mwana woletsedwa kulankhula m'tchalitchi. Palibe wadula. ANambewe aimba ndime yonse pamwamba pa Joni, amayi anzawo kumbuyo kwawo, amuna ali kutali. Ine ndikupuma ndi mphuno mosamala kuti maiki isandimve.

Pakati pa ndimeyo mawu adumpha pang'ono, ngati adukiza n'kugwiranso. Sekondi imodzi. Amalume atembenuka kuyang'ana kawailesi. Mtima wanga wapita kwa waya wa Lachinayi uja.

Tatera. Amalume athokoza Madamu, avala chipewa, akulunga kaseti mu mpango. Ndawakweza takisi, akuti akamalize makatoni.

Sanaimbe nawo ngakhale mzere umodzi wathunthu. Ndakhumudwa kwambiri, ndipo ndilibe womunamizira.

Masana onse ndakhala ndikufufuza chodumphitsa mawu chija. Waya ali bwino. Kabowo kali bwino. Mabatire ali ndi moto. Sindinapeze kanthu.

Lamulungu

Park Station, pokwerera mabasi. Makatoni asanu ndi awiri, sutikesi, wailesi yaikulu ija yomangidwa ndi zingwe. Atchalitchi abwera kudzaperekeza, afunsa za ndege. Amalume awauza kuti mzindawu ndi waung'ono kuposa mmene umadzionera. Za kuimba sanatchule, ndipo palibe wafunsa.

Zotsatira za pulani:
1. Panelo: yasankhidwa, yolakwika.
2. Kuika: kwatheka.
3. Kupukuta manja: ayi.
4. Kuyesa: kunandiuza zoona mochedwa.
5. ANambewe akwera ndege. Amalume sanaimbe nawo.

Basi itatsala pang'ono kunyamuka ndawapeza pa mpando wawo wa pawindo, kawailesi kam'thumba kali pa miyendo. Akuti akupita nako, ndisakafunse. Ndapepesanso. Ndati panelo yabwino ija ifika pakatha masabata atatu, ngakhale ndikudziwa kuti mawu amenewa alibe ntchito kwa munthu amene ali m'basi. Ndawauzanso kuti podumpha paja, pa ndime yachitatu, ndafufuza mawaya onse sindinapeze vuto.

"Si waya, mphwanga. Akuseka."

Ndati ndani.

"Azakhali ako. Pamalo paja m'pamene ine ndimalowa msanga, chikhalire. Ankandiuza, ine ndinkakana. Dzulo ndamvetseranso kunyumba katatu, ndili chete. Akuseka, kenako akudzigwira." Apukuta chitseko cha kawailesi ndi chala. "Zaka zonsezi kasetiyi ndimaimvera ndikuimba. Sindinawamvepo."

Kondakitala wayamba kutulutsa operekeza. Ndawapatsa mabatire anayi ndi bolopeni. Ndawauza kuti mabatirewo aziwasunga m'thumba lamkati chifukwa cha kuzizira, ndipo avomera osatsutsa, chinthu chimene sindinachionepo.

Nditatsika ndawaona pawindo akuvala timahedifoni ta kawailesiko. Adina batani. Basi yabwerera m'mbuyo, yakhota, pakamwa pawo pali potseka.